Chiphalaphala cha phiri lophulika chimaumba bwanji dziko?

Funso: Mlamu wanga anakhalako ku Goma m'dziko la DRC, ndipo pa zithunzi zimene anabwera nazo tauni yonse ikuoneka kuti yakhala pa miyala yakuda: mipanda ya miyala yakuda, misewu chimodzimodzi, dothi osaoneka n'komwe. Akuti ndi chiphalaphala cha phiri la Nyiragongo. Kodi chiphalaphalachi chimayenda bwanji kuti chisinthe dziko chotere? N'chifukwa chiyani pena chimasiya mwala wosalala pena miyala yakuthwa? Malo otere angadzalimidwenso? Nanga phiri lathu la Mulanje linapangidwa motero? Ndine wowerenga wa ku Balaka.

Yankho: Zikomo bambo. Tiyambe ndi mfundo imene imamasula pafupifupi zonse mwafunsazi. Chiphalaphala chimatsata kotsetsereka, chimalowa m'makwawa ndi m'zigwa monga momwe madzi amachitira. Koma madzi amakumba njira yawo, ndipo chaka ndi chaka khwawa limazamirazamira. Chiphalaphala chimakwirira njira yake yomwe. Chikauma, pamene panali potsika pamasanduka pokwera, choncho chiphalaphala china chikadzabwera chimapatuka n'kukafuna potsika pena, mtsinje umene unkadutsa pamenepo nawonso umasamuka. Mapiri, zidikha, nyanja ndi magombe a kumalo ophulika zimachokera pa kukwirira ndi kupatuka kumeneku, kobwerezedwa kambirimbiri.

Mtunda umene chiphalaphala chingayende umadalira kulimba kwake, kuchuluka kwa chimene chikutuluka pa sekondi iliyonse, ndi kutsetsereka kwa malo. Kulimbako kumachokera ku silika, mchere wa m'miyala womwe uja umapanga mchenga woyera ndi galasi. Chiphalaphala cha basalt chili ndi silika pakati pa 45 ndi 52 peresenti, chimatuluka chikutentha madigiri 1,000 mpaka 1,200, ndipo ndi chamadzimadzi. Cha andesite chili ndi silika pafupifupi 60 peresenti, chimatentha madigiri 800 mpaka 1,000, ndipo chimayenda mokakamizika. Kawirikawiri sichipitirira makilomita 8 kuchokera pamene chatulukira. Cha rhyolite chili ndi silika 70 peresenti kapena kuposa, ndipo n'cholimba kwambiri moti chimangounjikana pakamwa pa phiri. Kusiyana kwake kuli ngati kwa phala ndi nsima: phala mukalithira m'mbale limamwazika mpaka m'mphepete, nsima imakhala pomwe mwayiika.

Ndiye maonekedwe a phiri amatsatira pamenepo. Basalt amayala timagawo topyapyala patali, ndipo phiri limene limatuluka ndi lotambalala, lotsetsereka pang'ono, nthawi zambiri osafika madigiri 10. Mauna Loa ku Hawaii ndi lotalika mamita 4,169 kuchokera pa nyanja, koma ukaliona patali limangooneka ngati mtunda wautali wopanda nsonga. Andesite, yosinthana ndi phulusa ndi miyala yoponyedwa m'mwamba, imamanga phiri losongoka. Chiphalaphala cholimbitsitsa chimamanga chulu chotupa pakamwa pa phiri, ndipo ngozi yake si kuyenda ayi, koma kugumuka: chulucho chikasweka chimatulutsa mtambo wa phulusa ndi mpweya wotentha wotsika mofulumira kuposa galimoto. Zimenezi n'zimene zinapha anthu 43 pa phiri la Unzen ku Japan mu 1991, ndiponso zinasamutsa anthu onse mu tauni ya Plymouth pa chilumba cha Montserrat phiri la Soufrière Hills litadzuka mu 1995.

Nyiragongo ndi losamvera lamuloli, ndipo n'chifukwa chake limaopsa. Ndi phiri losongoka, lotalika mamita 3,470, koma chiphalaphala chake chili ndi silika wochepa kwambiri, osafika ngakhale 40 peresenti, moti ndi chimodzi mwa zamadzimadzi kwambiri padziko lonse. Mnzake Nyamuragira, amene ali chapafupi kumpoto chakumadzulo, ndi wotambalala monga mwa nthawi zonse. M'chigwa cha pamwamba pa Nyiragongo mumakhala dziwe la chiphalaphala, ndipo dziwelo silisefukira pamwamba. Chimene chimachitika n'chakuti nthiti za phiri zimang'ambika, chiphalaphala n'kutulukira m'ming'aluyo chikukankhidwa ndi kulemera kwa dziwe lonse. Pa 10 January 1977 dziwelo linaphwa pasanathe ola limodzi, ndipo chiphalaphala chinatsika pa liwiro lofika makilomita 60 pa ola. Yerekezani ndi basalt wamba, amene pamalo athyathyathya mutu wake suyenda ngakhale kilomita imodzi pa ola, moti munthu amauthawa akuyenda pansi.

Miyala yambiri imene mlamu wanu anaiona pakati pa tauni ndi ya pa 17 January 2002. Tsiku limenelo ming'alu inatseguka kumwera kwa phiri n'kumatsika kulowera ku Goma, mtunda wa makilomita oposa 10, ndipo chiphalaphala china chinatulukira kufupi ndi tauni yeniyeniyo. Chinadula tauni pakati, chinakwirira mbali ina ya msewu woterapo ndege, n'kukalowa m'nyanja ya Kivu. Anthu oposa 300,000 anathawa, ambiri kulowera ku Gisenyi m'dziko la Rwanda. M'misewu ina mwala unatsala wochindikala mamita awiri, ndipo nyumba zina zosanja zinakwiririka chipinda chapansi, anthu n'kuyamba kulowera pa chipinda chapamwamba. Pa 22 May 2021 phirilo linang'ambikanso, koma ulendo uno chiphalaphala chinaima chitangofika kumalire a tauni.

Tsopano za mwala wosalala ndi miyala yakuthwa. Akatswiri padziko lonse amagwiritsa ntchito mayina a ku Hawaii: pahoehoe ndi wosalala uja, wokhala ndi makwinya onga zingwe zopota, ndipo aa ndi wa zibuma zakuthwa zosagwirana zimene zimang'amba nsapato. Ambiri amaganiza kuti ndi mitundu iwiri ya mwala, koma ndi mwala umodzi, ndipo chosiyanitsa ndi zimene zinachitikira khungu lake. Chiphalaphala chikangokhudzana ndi mpweya chimachita khungu pamwamba m'masekondi ochepa. Ngati chikutuluka pang'onopang'ono ndipo malo ndi osatsetsereka kwambiri, khungulo limakhala lathunthu, limangopindika. Chiphalaphala chimatumphukira kutsogolo ngati timatumba, kamodzi kakauma kena n'kuboola pambali. Koma ngati chikutuluka chambiri, kuposa makyubiki mita 5 mpaka 10 pa sekondi malinga ndi zimene anayeza ku Hawaii, kapena chafika pamalo otsetsereka, khungu limang'ambidwa lisanalimbe. Zidutswa zake zimakwera pamwamba, zimagwera kutsogolo, ndipo chiphalaphala chimaziponda n'kupitirira. Ndiye mukadula aa pakati mupeza zibuma pansi, mwala wolimba wopanda mipata pakati, zibuma zinanso pamwamba. Pahoehoe amatha kusanduka aa akamazizira panjira, koma aa sabwerera kukhala pahoehoe.

Khunguli ndi limene tiyenera kukhalapo pang'ono, chifukwa ndi limene limachititsa kuti chiphalaphala chifike kutali kuposa mmene munthu angaganizire. Mwala sudutsitsa kutentha msanga. Pa ola loyamba khungu limachindikala pafupifupi masentimita 8, koma kuti lifike mita imodzi pamafunika pafupifupi sabata yathunthu, chifukwa likamachindikala limatchinjiriza kwambiri za mkati. Pansi pake chiphalaphala chimapitirira kulowa ndipo chimanyamula khungu lonse m'mwamba. Chigawo chimene chinayamba chochindikala masentimita 30 chikhoza kutupa n'kufika mamita anayi kapena asanu m'masabata ochepa. Pamene khungu lakana kukwera mofanana pamatuluka zitunda zong'ambika pamsana, ndipo pamene silinakwere n'komwe pamatsala maenje. Ukaona dera la pahoehoe lili zitunda ndi maenje okhaokha, usaganize kuti pansi panali potero kale. Ndi chiphalaphala chinatupa.

Kumene chiphalaphala chikuyenda ngati mtsinje, m'mbali mwake mumauma msanga n'kupanga makoma awiri, ndipo chikasefukira chimaonjezera makomawo mpaka mtsinjewo umayenda pamwamba pa mtunda wodzimangira wokha, pamwamba kuposa madenga a nyumba zoyandikana nawo. Khoma limodzi likagumuka, chiphalaphala chonse chimakhotera kumeneko, ndipo mudzi umene dzulo unkaoneka kuti wapulumuka umapsa lero. Ngati kutuluka kuli kokhazikika kwa masabata, khungu la m'mbali limakumana pakati n'kufolera mtsinjewo, ndipo umasanduka mpaipi wa mwala. M'kati mwa mpaipi wotere chiphalaphala chimataya pafupifupi digiri imodzi yokha pa kilomita iliyonse. Umu ndi mmene chiphalaphala cha ku Undara ku Australia chinayendera makilomita 160. Phiri likasiya kutulutsa, za m'katimo zimatsika n'kusiya phanga. Phanga la Kazumura ku Hawaii ndi lalitali makilomita oposa 65.

Palinso tizinthu tina tosiyidwa panjira. Mtengo wauwisi umaziziritsa chiphalaphala chimene chaukuta, ndipo ukapsa pamatsala dzenje lozungulira la msinkhu wa thunthu lake. Kachitunda kamene chiphalaphala chinakalambalala mbali zonse kamatsala ndi mitengo yake pakati pa mwala wakuda, ndipo mbewu zimene zimadzameretsanso deralo zimachokera pa tizilumba totere. Chigawo chochindikala kwambiri chikamazizira pang'onopang'ono chimanyala n'kung'ambika mizati, yambiri ya mbali zisanu ndi imodzi, monga mizati pafupifupi 40,000 ya Giant's Causeway ku Northern Ireland. Kuzizirako si kwa lero ndi mawa: chigawo cha mamita 4.5 chimafuna miyezi yoposa inayi kuti mkati mwake mutsike kufika madigiri 200, ndipo dziwe la chiphalaphala la Kilauea Iki ku Hawaii la mu 1959, lozama mamita oposa 100, linatenga zaka zoposa 30 kuti liume lonse.

Kusintha kwakukulu kwenikweni kumachitika pamene chiphalaphala chalanda malo a madzi, ndipo chitsanzo chili pakhomo pa Goma pomwepo. Kale madzi a dera la Kivu ankapita kumpoto, ku nyanja ya Edward, n'kukathera mu Nile. Mapiri a Virunga, amene Nyiragongo ndi Nyamuragira ali m'gulu lake, anakula pakati pa chigwa n'kutseka njirayo. Madzi anadzaza kumbuyo kwa chotchingacho mpaka anapeza potulukira kumwera, ndipo lero nyanja ya Kivu, imene ili pamtunda wa mamita 1,460, imatulukira mu mtsinje wa Ruzizi kupita ku nyanja ya Tanganyika, madzi ake n'kukathera mu Congo. Mukayang'ana mapu muona kuti gombe la Kivu ndi lokhotakhota, lodzaza timikono tolowa kumtunda. Amenewo ndi makwawa akale amene anamira.

Pa nthawi yaitali zinthu zimatembenuzika. Chiphalaphala chimene chadzaza chigwa chimauma kukhala mwala wolimba kuposa mapiri a m'mbali mwake. Mtsinje wothamangitsidwa uja umakumba m'mphepete, mvula imadya miyala yofewa, ndipo patapita zaka mamiliyoni chigwa chakale chija chimatsala chili pamwamba, mtandadza wautali wa mutu wathyathyathya wokhotakhota monga mmene mtsinje unkakhotera.

Chikafika kunyanja chimaonjezera dziko. Mu 2018 Kilauea wa ku Hawaii anaphulikira m'dera la nyumba la Leilani Estates kuyambira pa 3 May, anawononga nyumba zoposa 700, anakwirira masikweya kilomita 35, anaumitsa nyanja yaing'ono ya Green Lake m'maola ochepa, anadzaza gombe lonse la Kapoho, n'kuonjezera malo atsopano okwana masikweya kilomita 3.5. Pa chilumba cha La Palma cha dziko la Spain mu 2021 phiri linatulutsa chiphalaphala masiku 85 ndipo linasiya zidikha ziwiri zatsopano m'nyanja. Malo atsopanowa ndi achinyengo. Chiphalaphala chikagwera m'madzi chimasweka kukhala mchenga ndi zidutswa za galasi, ndipo mwala wa pamwamba umayalidwa pa mulu wosagwirana umenewu pamalo otsetsereka. Chidikha chonse chikhoza kutsetserekera m'nyanja mosachenjeza. Nthunzi yoyera imene imakwera pamenepo ilinso ndi asidi ndi tizidutswa ta galasi, si yoyenera kuipuma.

Kodi anthu angachiletse? Kuchiimitsa ayi, kuchipatutsa nthawi zina. Kyubiki mita imodzi imalemera matani oposa awiri ndi theka, choncho khoma loima mopingasa chimangolidzaza kumbuyo n'kulidumpha. Chimene chimathandiza ndi mtumbira wa dothi ndi miyala womangidwa mopendekera, wochilondolera kumalo opanda anthu. Ku Heimaey m'dziko la Iceland mu 1973 anapopa madzi a m'nyanja okwana matani pafupifupi 6 miliyoni pa mutu wa chiphalaphala kwa miyezi ingapo, ndipo doko lawo linapulumuka, koma kumeneko nyanja inali pafupi ndipo chiphalaphalacho chinali chaulesi. Ku tauni ya Grindavík, ku Iceland komweko, mu January 2024 mitumbira inapatutsadi chiphalaphala, koma mng'alu wina unatsegukira mkati mwa mpandawo n'kutentha nyumba zitatu. Kwa Nyiragongo, kumene ming'alu imafika mpaka m'tauni ndipo liwiro ndi lija tanena, njira zimenezi sizingadaliridwe. Chodalirika ndi kuyeza zivomezi ndi kutupa kwa nthaka, ntchito imene bungwe loyang'anira mapiriwa la Observatoire Volcanologique de Goma limagwira, ndi kusamutsa anthu nthawi ilipo.

Kukhala pa mwala wotere kuli ndi mavuto akeake. Mwalawo ndi wong'alukang'aluka, mvula imangolowa pansi, choncho simuona mitsinje pamwamba, ndipo anthu a ku Goma amavutika madzi nyanja ili pakhomo. Kukumba chimbudzi kumafuna nyundo ndi chitsulo, dzenje limakhala losazama, ndipo zonyansa zimatsata ming'alu yomweyo osasefedwa ndi dothi. Womanga nyumba yolemera pa pahoehoe ayenera kuboola pansi kaye kuti aone ngati palibe phanga, chifukwa denga la mpaipi uja pena limakhala lopyapyala moti thirakitala imatha kuliboola. Ndiye pali mazuku, dzina la kumeneko la malo otsika amene mpweya wa carbon dioxide umatuluka m'ming'alu n'kukhazikika pansi chifukwa ndi wolemera kuposa mpweya wamba. Sununkha, suoneka, ndipo amene amayamba kukomoka ndi ana ndi mbuzi, popeza mphuno zawo zili pafupi ndi nthaka. Ubwino wake ndi womwe munauona pa zithunzi: mwala womangira mipanda ndi maziko uli paliponse.

Za kulima, yankho ndi inde, koma amene amalamula ndi mvula. Mawu akuti nthaka ya kumapiri ophulika ndi yachonde amanena makamaka za phulusa, limene ndi losalala kale ndipo limasanduka dothi m'zaka zochepa. Mwala wa chiphalaphala umachedwa. Kumalo a mvula yambiri ndi kutentha, ndere ndi zomera zing'onozing'ono zimayamba m'ming'alu pasanathe zaka zambiri, mizu ndi masamba owola zimadya mwalawo, ndipo nkhalango imabwerera m'zaka zana limodzi kapena angapo. Kouma n'kosiyana: chiphalaphala cha Timanfaya pa chilumba cha Lanzarote, cha m'zaka za 1730 mpaka 1736, mpaka lero chili pafupifupi mbee. Alimi a ku La Palma sadikira; amasalaza mwala, amatuta dothi kumtunda pa magalimoto, n'kubzala nthochi pamwamba pake. Basalt akafumbutuka amapereka chitsulo, magnesium ndi calcium, ndipo amasanduka dothi lofiira lozama kumene madzi amatsika bwino, kapena dongo lakuda long'aluka m'chilimwe kumene madzi amaima.

Mulanje si phiri lophulika, ndipo mwala wake sunayendepo pamwamba pa dziko. Ndi mwala wosungunuka umene unakwera n'kuima pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, n'kuzizira komweko pang'onopang'ono kukhala syenite ndi granite. Miyala yofewa imene inaukuta inakokoloka, wolimbawo n'kutsala mpaka pa Sapitwa, mamita 3,002. Zomba ndi chimodzimodzi. Mukhoza kutsimikiza nokha: mwala wa ku Mulanje uli ndi timibulu toonekera ndi maso, chizindikiro cha kuzizira mochedwa, pamene chiphalaphala chouma msanga chimakhala chosalala mkati ndipo nthawi zambiri chili ndi timabowo ta mpweya.

Chiphalaphala chenicheni chilipo kufupi nafe. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo ming'alu ikuluikulu inatsanula basalt pa dera lalikulu la kumwera kwa Africa, gawo pamwamba pa gawo. Mapiri a Lesotho ndi otsala a basalt ameneyo, ndipo mathithi a Victoria amagwa mamita 108 pa mwala womwewo. Zigwembe zokhotakhota za kumunsi kwa mathithiwo zinakumbidwa ndi Zambezi potsata ming'alu ya mwalawo, mng'alu umodzi ukatha n'kugwira wina. Kwathu kuno basalt wa nthawi imeneyo amapezeka ku Chigwa cha Shire, ndipo miyala ya agate ya ku Ngabu inakulira m'timabowo ta mpweya ta chiphalaphala chimenecho. Chaposachedwa chili kutsidya kwa Songwe, panjira ya ku Mbeya: mapiri a Rungwe, Ngozi ndi Kyejo ndi ophulika, ndipo Kyejo anatulutsa chiphalaphala cha m'ma 1800. Tiyi ndi nthochi za ku Tukuyu zili pa phulusa ndi mwala wa mapiri amenewa, ndipo pa mtsinje wa Kiwira pali mlatho wachilengedwe wotchedwa Daraja la Mungu, umene ndi chiphalaphala chouma chimene madzi anadutsa kunsi kwake.